Kujambula Pansi pa Nyanja ndi Madamu Pogwiritsa Ntchito Mawu: Zoyenera Kudziwa Anthu a ku Chitala ndi Madera Ena a ku Salima

Unduna ukudziwitsa alimi, asodzi, amalonda ndi anthu onse a ku Chitala, Lifuwu, Senga Bay, Chipoka ndi madera ena a m'boma la Salima za njira imene akatswiri amagwiritsa ntchito pojambula pansi pa nyanja ndi pansi pa madamu. Chipangizo chake chimatchedwa side scan sonar. Anthu akaona boti likuyenda pang'onopang'ono, kupita ndi kubwerera pamalo amodzimodzi tsiku lonse, likukoka chitsulo chooneka ngati nsomba yaikulu, amakhala ndi mafunso ambiri. Ena amaganiza kuti akufunafuna mafuta, ena amaopa kuti nsomba zithawa. Safunsa anadya phula. Nkhani ino ikufotokoza mmene chipangizochi chimagwirira ntchito, chifukwa chake malo otsetsereka kwambiri a pansi pa madzi amavuta kujambula, ndiponso phindu la ntchitoyi kwa munthu wolima, wopha nsomba ndi wochita malonda.

Chifukwa chake tiyenera kuona pansi pa madzi

Mwini nkhokwe akafuna kudziwa chimanga chimene chatsala amangokwera n'kusuzumira. Damu nalo ndi nkhokwe, koma limanyenga maso. Pamwamba limaoneka lodzaza bwino pamene pansi pake matope ndi mchenga zatenga malo a madzi. Dothi lililonse limene mvula yakokolola m'munda, m'mphepete mwa msewu kapena paphiri lodulidwa mitengo limatsata mtsinje, ndipo likafika pamene madzi adikha limakhazikika. Chaka ndi chaka damu limachepa, mpaka tsiku lina madzi amatha mwezi wa Okutobala usanafike.

Vutoli si lachilendo m'dziko muno. Pamtsinje wa Shire, malo osungira madzi a ku Nkula ndi Kapichira akhala akukwiririka ndi matope kwa zaka zambiri, zimene zimachepetsa magetsi ndipo zachititsa kuti pagulidwe makina okumba matope pansi pa madzi. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya magetsi okwana pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mwini chigayo, wowotcherera zitsulo ndi wogulitsa nsomba za mufiriji onse adaumva ululu wake.

Nkhaniyi imakhudzanso boma la Salima mwachindunji. Mtsinje wa Lilongwe umachokera ku Dzalanyama, n'kudutsa m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde amene amapereka madzi ku likulu la dziko lino, kenaka n'kutsikira kuno kudzathira mu Linthipe. Linthipe ndiye amakatula katundu yense wa dothi m'nyanja ya Malawi. M'nyengo ya dzinja madzi ofiira a mtsinjewu amaonekera patali m'nyanja, kulowera ku zilumba za Maleri, kumene nsomba za mbuna zimadalira miyala yoyera kuti zipeze chakudya. Kuti tidziwe kumene dothi limeneli likukhazikika ndi mmene likusinthira pansi pa nyanja, tiyenera kukhala ndi njira yoonera.

Kutumiza munthu wodziwa kumira pansi sikukwanira. Munthu sangathe kutsika kutali kwambiri kapena kukhalitsa pansi, m'madzi a matope saona ngakhale dzanja lake, ndipo kumatsiriro a mitsinje kumakhala ng'ona ndi mvuu. Kamera nayo imafuna kuwala. Mawu okha ndiwo amayenda bwino m'madzi, kaya oyera kaya a matope, usana ndi usiku.

Mmene chipangizochi chimagwirira ntchito

Aliyense amene adafuulapo pafupi ndi phiri adamva mawu ake akubwerera. Mleme umauluka mumdima osagunda mtengo chifukwa umatulutsa mawu n'kumvetsera mmene akubwererera. Side scan sonar imatsata nzeru yomweyo. Idayamba kugwiritsidwa ntchito ndi asilikali a pamadzi nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ndipo m'zaka za m'ma 1960 akatswiri monga Harold Edgerton ndi Martin Klein a ku America adaikonza kuti izithandiza pa ntchito wamba.

Chipangizochi ndi chitsulo chachitali, chozungulira ngati mpope, chokhala ndi zipsepse kumchira. Chimamangidwa kuchingwe cholimba chimene mkati mwake muli mawaya, n'kumakokedwa kumbuyo kwa boti. M'mbali zake zonse ziwiri muli timbale timene timatulutsa mawu afupiafupi kangapo pa sekondi iliyonse. Mawuwo amafalikira cha m'mbali, kumanja ndi kumanzere, n'kumakhudza pansi kuyambira pafupi mpaka patali. Akagunda chinthu amabwerera, chipangizo n'kuwamva n'kuwatumiza ku kompyuta ya m'boti.

M'madzi mawu amathamanga pafupifupi mamita 1,500 pa sekondi, kuposa kanayi liwiro lake mumpweya. Motero mawu amene agunda mwala umene uli pamtunda wa mamita 75 amapita ndi kubwerera m'gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi. Kompyuta imawerengera nthawi imeneyi kuti idziwe kutalika kwa mtunda, ndipo imaona mphamvu ya mawu obwererawo kuti idziwe mtundu wa chimene agunda. Mwala, chitsulo ndi konkire zimabweza mawu mwamphamvu. Mchenga umabweza pang'ono. Matope ofewa amameza mawu ambiri. Kuwomba kulikonse kumapereka kamzere kamodzi kopyapyala, ndipo boti likamapita patsogolo timizereto timalumikizana n'kukhala chithunzi, monga mmene woluka mphasa amalumikizira bango limodzilimodzi mpaka mphasa itakwana.

Chithunzichi chimafanana ndi zimene munthu amaona akamayenda usiku m'mphepete mwa munda akuwalitsa tochi cha m'mbali. Chitsa chimawala mbali yoyang'ana kutochi, ndipo kuseri kwake kumakhala mthunzi. Mthunziwo ndi wofunika kwambiri chifukwa umasonyeza msinkhu wa chinthu. Mwachitsanzo, ngati chipangizo chili mamita 10 pamwamba pa nthaka ya pansi, ndipo mthunzi wa mwala ndi wotalika mamita 5 n'kuthera pamtunda wa mamita 50, ndiye kuti mwalawo ndi wotalika pafupifupi mita imodzi.

Pali mfundo imodzi imene tiyenera kuimvetsa bwino. Side scan sonar imaonetsa maonekedwe a pansi, koma siyeza kuya kwa madzi molondola. Ntchito yoyeza kuya imachitika ndi chipangizo china chotchedwa echo sounder, chimene chimatumiza mawu molunjika pansi pa boti. Ziwirizi zimayendera limodzi, pamodzi ndi GPS yosonyeza malo enieni amene boti lili.

Chifukwa chake malo otsetsereka amavuta

Pansi pathyathyathya, monga pamchenga wa kufupi ndi gombe la Senga Bay, ntchito imayenda mosavuta. Koma damu limamangidwa pachigwa, choncho m'mbali mwake ndi motsetsereka, ndipo khoma la damu lenilenilo ndi phedi. Nyanja ya Malawi nayo ili m'chigwa chachikulu chimene chidapangika nthaka itang'ambika. Kumpoto kwa Nkhata Bay mapiri amatsikira m'madzi molunjika ndipo nyanja imafika kuya kwa mamita pafupifupi 700. Kuno ku Salima nyanja si yakuya chotero, komabe kuzungulira zilumba za Maleri, Namalenje ndi Mbenje, ndiponso kutsogolo kwa milu ya mchenga imene mitsinje imaunjika, pansi pamatsetsereka mwadzidzidzi.

Pamalo otere pamabuka mavuto anayi. Loyamba ndi lakuti kompyuta, poyala chithunzi, imayesa kuti pansi ndi pathyathyathya. Ikakumana ndi phedi imaika zinthu pamalo olakwika: mwala ungaoneke pafupi kapena patali kuposa pamene uli.

Lachiwiri ndi lakuti mbali yoyang'ana kuchitunda imabweza mawu ambiri pa nthawi imodzi. Malo a m'munsi ndi a pamwamba pa phedi amatha kukhala pamtunda wofanana kuchokera pachipangizo, motero mawu ochokera kumalo onsewo amafika limodzi n'kusanjikizana. Chithunzi chimawala mopitirira muyeso ndipo chimapanikizika, ngati munthu wawalitsa tochi pakhoma la laimu ali chapafupi.

Lachitatu ndi lakuti mbali yoyang'ana kumunsi imakhala mumdima. Mawu amangodutsa pamwamba pa mtsetse osaukhudza bwino, n'kupita kumadzi akuya osabwerera. Mng'alu kapena dzenje limene lili pamenepo silioneka.

Lachinayi ndi ngozi yeniyeni. Chipangizo chimayenera kuyenda pafupi ndi pansi, kawirikawiri pamsinkhu wa gawo limodzi kapena awiri mwa magawo 10 a mtunda umene chikujambula. Pamalo otsetsereka pansi pamakwera mwadzidzidzi, ndipo chipangizo chingagunde thanthwe kapena kukodwa m'mitengo imene idamizidwa pamene damu linkadzaza.

Mmene akatswiri amagonjetsera mavutowa

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Akatswiri amayamba ndi kuyeza kuya kwa malo onse kuti adziwe mmene phedi lakhalira. Akatero amakonza njira za boti motsata m'mbali mwa phedilo, osati kukwera ndi kutsika nalo. Mlimi wa ku Chitala aimvetsa msanga mfundo imeneyi, chifukwa ndi yofanana ndi kupanga mizere yopingasa motsata akalozera pamunda wotsetsereka. Boti likamayenda motero, kuya kwa madzi pansi pake sikusinthasintha, ndipo chipangizo chimakhala pamsinkhu umodzi.

Amayamba ndi njira ya kumadzi akuya, akuyang'ana kuchitunda, kenaka n'kumasendera kumtunda njira ndi njira. Njira iliyonse imalowerera pa inzake kuti malo amene adali mumthunzi paulendo woyamba aoneke paulendo wachiwiri. Nthawi zina amapendeketsa timbale totulutsa mawu kuti tiyang'ane bwino phedilo, amachepetsa mtunda wojambula, ndipo amachepetsanso mphamvu ya mbali yowala kwambiri. M'damu laling'ono, mmene chingwe chachitali sichingakhote, amamangirira chipangizo kumtengo wachitsulo m'mbali mwa boti. Pomaliza, ku ofesi, amaphatikiza chithunzi ndi miyeso ya kuya kuti chinthu chilichonse chibwerere pamalo pake.

Boti limayenda pang'onopang'ono, makilomita 5 mpaka 9 pa ola, ndipo siliyenera kuima kapena kukhota mwadzidzidzi, chifukwa likatero chipangizo chimamira n'kugunda pansi. Nyengo nayo imalamula. Mphepo ya mwera, imene imawomba mwamphamvu m'miyezi yozizira, imagwedeza boti ndi kupotoza chithunzi, choncho ntchito yambiri imachitika m'mawa nyanja ili bata. Kusiyana kwa madzi ofunda a pamwamba ndi ozizira a pansi kumakhotetsa mawu. Gulu la usipa kapena utaka limaoneka ngati mtambo pachithunzi, ndipo ngakhale mphutsi za nkhungu, touluka tija timene timatuluka m'nyanja ngati utsi, zimabweza mawu zikachulukana. Katswiri amayenera kusiyanitsa zonsezi ndi nthaka yeniyeni ya pansi.

Zimene zithunzi zimaonetsa

Padamu, zithunzi zimaonetsa pamene miyala yoteteza khoma yagumuka, pamene pali dzenje losonyeza kuti madzi ayamba kudzipezera njira, ndi pamene zinyalala, mitengo kapena matope zatseka pakamwa pa mipope. Zimaonetsanso mbali za damu zimene dothi lake latsetsereka kugwera pansi. Kugumuka kotere kumachitika kawirikawiri madzi akatsika mofulumira kapena kukachita chivomerezi. Anthu a ku Chitala sangaiwale chivomerezi cha pa 10 Marichi 1989 chimene chidagwedeza boma la Salima, n'kugwetsa nyumba zambiri ndi kupha anthu. Mphamvu imene imang'amba khoma la nyumba imagwedezanso mapedi a pansi pa madzi, kumene diso silifika. Kujambula malo amodzimodzi patapita zaka kumathandiza kuona ngati phedi likusuntha lisanabweretse ngozi.

Panyanja, zithunzi zimathandiza kusankha malo oikapo mipope yopopera madzi akumwa ndi a ulimi wothirira, kuti mpope usakwiririke ndi mchenga kapena kulendewera paphompho. Zimathandiza kudziwa ngati njira yolowera padoko, monga la Chipoka, yakwiririka. Zimaonetsa miyala ndi zitsa zimene zimang'amba maukonde, malo a mchenga amene chambo chimakumba zisa zake, komanso maboti omira. Ngozi ikachitika, chipangizochi chimafupikitsa nthawi yofunafuna.

Nyanja ya Malawi simakhala pamsinkhu umodzi. Pakati pa 1915 ndi 1935 idatsika kwambiri mpaka mtsinje wa Shire udaleka kutuluka bwino m'nyanjamo. Mu 2024 idakwera kupitirira mamita 476 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, n'kumiza minda, nyumba ndi malo ogona alendo m'mbali mwake. Madzi saiwala khwawa. Kusintha kulikonse kotere kumasuntha mchenga ndi kusintha maonekedwe a pansi, choncho mapu a dzana sangakhale odalirika mpaka kalekale.

Ntchito imeneyi si yachilendo panyanja yathu

Kuyeza nyanja ya Malawi kudayamba kalekale. Mu 1902 msilikali wa pamadzi wa ku Britain, E. L. Rhoades, adasindikiza zotsatira za kuyeza kwake, m'masiku amene kuya kunkayezedwa ndi chingwe chomangirira chitsulo cholemera. M'zaka za m'ma 1980 akatswiri a ku Duke University ya ku America adagwiritsa ntchito mawu pofufuza matanthwe a pansi pa nyanjayi, ndipo pambuyo pake ofufuza adajambula milu ya mchenga ya kumatsiriro a Linthipe ndi Dwangwa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, sitima yofufuzira ya Usipa, imene inkagwira ntchito kuchokera ku Senga Bay, inkagwiritsa ntchito mawu poyerekeza kuchuluka kwa nsomba za pakati pa nyanja. Nthambi ya boma yoyeza malo ili ndi ofesi yoyeza pamadzi ku Monkey Bay, ndipo sitima yake ya Timba idagwira ntchito yokonza mapu atsopano a panyanja mothandizidwa ndi dziko la Iceland. Mapu amenewa ndiwo amatsogolera oyendetsa sitima zonyamula anthu ndi katundu.

Mayankho pa nkhawa za anthu

Kodi mawuwa amapha kapena kuthamangitsa nsomba? Mawu a side scan sonar ndi okwera kwambiri. Khutu la munthu limamva mawu onjenjemera mpaka ka 20,000 pa sekondi, pamene chipangizochi chimagwiritsa ntchito mawu onjenjemera ka 100,000 kapena kuposa. Nsomba zambiri zimamva mawu otsika kwambiri kuposa amenewa. Phokoso limene zimalimva ndi la injini ya boti, lofanana ndi la maboti a chilimira amene amayenda usiku uliwonse.

Kodi madzi amaonongeka? Chipangizochi sichithira mankhwala kapena mafuta m'madzi, ndiponso sichikumba pansi. Anthu angathe kutunga, kuchapa ndi kumwetsa ziweto monga mwa masiku onse.

Kodi ndi kufunafuna mafuta? Kufufuza mafuta kumagwiritsa ntchito zida zina zotulutsa mawu amphamvu, otsika, amene amalowa pansi pa nthaka makilomita angapo, ndipo kumafuna chilolezo chapadera. Side scan sonar imangoona pamwamba pa nthaka ya pansi pa madzi.

Zimene Unduna ukupempha

Ntchito yotere ikafika m'dera lanu, ogwira ntchito amayenera kudzera kwa Bwanamkubwa, mafumu ndi makomiti a m'madoko a asodzi asanalowe m'madzi. Muli ndi ufulu wofunsa kuti ndi ndani, atumidwa ndi yani ndipo akujambula pati. Mukakayika, kanenani kwa mfumu, kwa mlangizi wa zausodzi kapena kupolisi. Musatengere lamulo m'manja mwanu chifukwa cha mphekesera.

Asodzi akupemphedwa kuti asadutse kumbuyo kwa boti lojambula, chifukwa chingwe chimatalika kuposa mmene chimaonekera pamwamba. Ikani zizindikiro zooneka bwino pamatchera anu, ndipo gwirizanani ndi ojambula za maola otchera ndi kuwonjola. Auzeninso kumene maukonde anu amakodwa, kumene kuli miyala ndi kumene mchenga wasuntha. Msodzi amene wakhala pamadzi zaka zambiri amadziwa zinthu zimene kompyuta ingatenge masiku kuti izipeze. Makolo aletse ana kusambira kapena kupalasa bwato pafupi ndi boti limene lili pantchito.

Alimi akukumbutsidwa kuti chipangizochi chimangoonetsa matenda, sichichiza. Matope amene akukwirira madamu ndi madoko ndi chajira cha m'minda yathu ya chimanga, mtedza ndi thonje, chimene tidachithira fetereza wogula ndi ndalama zovuta kupeza. Mlimi amataya kawiri: munda umaguga, ndipo madzi othirira m'chilimwe amachepa. Pangani mizere motsata akalozera, ikani ngonyeka, bzalani udzu wa vetiva ndi mitengo, tsekani zigwembe zikadali zazing'ono, ndipo siyani malo osalima m'mphepete mwa mitsinje ndi madamu. Alangizi a zaulimi a m'dera lanu ndiponso akatswiri a pamalo ofufuzira zaulimi a Chitala angakuthandizeni pa njira zimenezi.

Amalonda ndi onse ofuna kumanga m'mbali mwa nyanja, kuika mpope wopopera madzi kapena kumanga damu akukumbutsidwa kuti lamulo la zamadzi la 2013 limafuna kuti ayambe atenga chilolezo ku bungwe la National Water Resources Authority. Kufunsa kaye za mmene pansi pa madzi palili n'kotsika mtengo kuposa kukonza mpope wokwiririka kapena khoma logumuka.

Amene ali ndi mafunso ena angapite ku ofesi ya zamadzi, ya ulimi wothirira kapena ya zausodzi ku khonsolo ya boma la Salima.

Yotulutsidwa ndi Ofesi ya Zofalitsa Nkhani ya Unduna